Mawu a Chingerezi Amayenda M'mabanja: Njira Yowaphunzirira Potengera Zilembo Zawo

Aliyense amene anayamba kuwerenga m'Chichewa anazolowera chinthu chimodzi chokoma: zimene walemba ndi zomwezo zimene umatchula. Zilembo za liwu zilipo zisanu, a, e, i, o, u, ndipo chilichonse chimasunga liwu lake kulikonse kumene chapezeka. Chingerezi sichitero ayi. Zilembo zake ndi 26 koma maliwu ake amafika pafupifupi 44, ndiye zilembo zimabwerekana ntchito. Zina zimagwirana ziwiri, zitatu kapena zinayi kuti zitulutse liwu limodzi, zina zimangokhala duu ngati zabwera kudzaonerera.

N'chifukwa chake kuloweza sipelo ya mawu amodziamodzi kumatopetsa, ndipo zolowezazo zimathawa msanga. Komatu mawu ambiri a Chingerezi ali ndi abale awo. Mukadziwa kulemba light, ntchito yaikulu pa night, fight, bright ndi ena oposa khumi mwaimaliza kale. Chofunika ndi kuwasonkhanitsa m'mabanja, kenako kugawanso banja lililonse potengera kamvekedwe. Gawo lachiwirili ndi limene ambiri amalilumpha, chonsecho kufanana zilembo si kufanana matchulidwe.

Zoti mukhale nazo

Kope limodzi loti musalembemo china chilichonse. Zolembera ziwiri, chabuluu ndi chofiira. Kapepala kolimba kophimbira mawu. Ndi dikishonale yoti muzitha kumva mawu akutchulidwa: madikishonale a pa intaneti a Cambridge ndi Oxford ali ndi kabatani kodina kuti mumve matchulidwe a ku Britain ndi a ku America. Dikishonale ya pepala imathandiza pa sipelo ndi tanthauzo, koma pa ntchito ino khutu ndi lofunika mofanana ndi diso.

Musanalembe kanthu, sankhani sipelo yoti muzitsata, ya ku Britain kapena ya ku America, ndipo mukakamire imodziyo. Kusiyanaku kumakhudza mabanja athunthu. A ku Britain amalemba colour, labour, favour, pamene a ku America amalemba color, labor, favor. Kuno centre, metre, theatre, uko center, meter, theater. Noah Webster, kudzera m'dikishonale yake ya mu 1828, ndi amene anathandiza kwambiri kukhazikitsa sipelo ya ku America. Zonse ziwiri n'zolondola, cholakwika ndi kuzisakaniza m'kalata imodzi. Pano titsata ya ku Britain.

Choyamba: konzani masamba

Banja lililonse lipatseni masamba awiri oyang'anizana. Pamwamba pa tsamba lakumanzere lembani zilembo za banjalo ndi cholembera chofiira, ndipo pambali pake muike mawu amodzi amene mumawadziwa bwino kale, oti ngakhale atakudzutsani pakati pa usiku simungawalakwitse. Amenewo ndiwo mutu wa banja, ndipo mawu ena onse muziwayerekezera ndi amenewo. Tsambalo muligawe m'mizere itatu yotsika: wa mawu, wa tanthauzo, ndi wa chiganizo chachifupi chimene mwapanga nokha.

Tsamba lakumanja liduleni pakati. Theka lam'mwamba ndi la alendo, mawu okhala ndi zilembo zomwezo koma omveka mwina. Theka lam'munsi ndi la mawu omveka chimodzimodzi koma olembedwa mwina. Tsamba lakumanjali musalinyoze. Zolakwa zambiri zimabadwira komweko.

Chachiwiri: yambani ndi banja lofatsa, la -ight

Banja ili ndi loyenera kuyambira chifukwa ana ake ndi omvera. Lembani ight kakhumi motsika ndi cholembera chofiira, kenako ndi chabuluu muziika chilembo patsogolo potsatira alifabeti: fight, light, might, night, right, sight, tight. Mukatha zilembo zoyenda pazokha, yesani zoyenda ziwiriziwiri: bright, blight, flight, fright, plight, slight, knight. Mawu alionse amene mwapanga motere muwafufuze m'dikishonale musanawalandire, chifukwa masewerawa amabalanso mawu omwe kulibe. Gight angamveke ngati Chingerezi, koma palibe amene amawanena.

Tsiku lotsatira onjezerani mawu aataliko amene banjali labisalamo: tonight, midnight, fortnight, highlight, copyright, delight, frighten, tighten. Samalani ndi lightning, yemwe ndi mphezi, ndi lightening, kupepukitsa kapena kuwalitsa. Kusiyana kwake ndi e mmodzi basi.

Nanga gh ameneyu akudzatani pomwe sakumveka? Kalekale ankatchulidwa. Linali liwu la kukhosi, longa limene likumvekabe m'Chijeremani m'mawu oti Nacht ndi Licht, abale ake a night ndi light. Liwulo linatha pakamwa pa Angerezi, koma sipelo inali itayamba kuuma, makamaka William Caxton atabweretsa makina osindikizira mabuku ku England mu 1476. Pakamwa panapitiriza kusintha, zilembo zinatsalira pomwe zinali. Chosangalatsa n'chakuti delight sanabadwire m'banjali. Anachokera ku Chifalansa chakale ndipo ankalembedwa opanda gh, koma m'zaka za m'ma 1500 alembi anamuveka gh kuti afanane ndi light. Ndiye kuti ngakhale eni chinenero ankaganiza m'mabanja.

Potchula pali misampha iwiri. Woyamba ndi l ndi r, zomwe m'Chichewa sizisintha tanthauzo la mawu koma m'Chingerezi zimasintha: light ndi right, flight ndi fright, blight ndi bright. Potchula l, nsonga ya lilime ikhudze kuseri kwa mano am'mwamba. Potchula r, lilime libwerere m'mbuyo pang'ono osakhudza paliponse, milomo ikhale ngati ikufuna kuzungulira. Ngati lilime lakhudza, mwatchula l. Msampha wachiwiri ndi kuwonjezera i kumapeto. Mawu onse a Chichewa amathera chilembo cha liwu, ndiye pakamwa pamafuna kunena kuti "laiti". Imani pa t penipenipo.

Tsopano tsamba lakumanja. M'mwamba muike eight, weight ndi freight, omwe amamveka ngati late, komanso straight yemwe amamveka chimodzimodzi koma ali ndi a. Height muzungulize ndi cholembera chofiira: amalembedwa ngati weight koma amamveka ngati light. M'munsi muike write, site, cite, bite, kite, white, quite. Apa ndi pomwe muone mapasa omveka mofanana: right ndi write, night ndi knight, sight ndi site ndi cite. Mapasa otere salowezedwa opanda chiganizo, chifukwa khutu palokha silingawasiyanitse.

Chachitatu: momwe mungalowezere mawu alionse

Njira yake ndi yakale ndipo imagwirabe ntchito. Yang'anani mawuwo kwa kanthawi, maso ali pa gawo lovutalo. Atchuleni mokweza. Aphimbeni ndi kapepala kaja. Alembeni kuchokera m'mutu. Vundukulani, muyerekeze chilembo ndi chilembo. Mukalakwitsa, musakonze pongoika chilembo chosowacho pamwamba. Khwatchani mawu onsewo, mulembenso kuyambira poyamba ataphimbidwa, kuti dzanja lizolowere ulendo wonse.

Kukopera mawu kamakumi awiri mukuwaona si kuphunzira, ndi kujambula. Katatu ataphimbidwa kumaposa pamenepo. Ndipo gawo la banjalo muzilitchula ngati mtolo umodzi polemba, i-g-h-t mwakamodzi, osati chilembo chilichonse pachokha.

Chachinayi: banja lovuta, la -ough

Apa ndiye pofunika kudekha. Zilembo zinayi zomwezi zimatchulidwa m'njira zosachepera zisanu ndi ziwiri m'mawu a tsiku ndi tsiku, ndipo palibe lamulo loti mungoyang'ana n'kudziwa. Mukawalemba onse mumzere umodzi mwadzitchera msampha nokha. Banjali lipatseni masamba anayi, ndipo muligawe m'timagulu. Kagulu kalikonse kakhale ndi mutu wake wochokera kunja kwa banja, mawu osavuta omveka mofanana nako.

Though, although ndi dough amathera ngati go.
Through amathera ngati blue, ndipo ali yekha ndi mwana wake throughout.
Rough, tough ndi enough amamveka ngati stuff.
Cough ndi trough amamveka ngati off.
Bough ndi plough amamveka ngati now, ndipo drought ngati out.
Thought, bought, brought, fought, sought ndi ought ali ndi o wokoka, wotsatiridwa ndi t.
Thorough ndi borough, m'matchulidwe a ku Britain, amathera kaliwu kofooka kongomveka pang'ono.

Mungakumanenso ndi hiccough, sipelo ina ya hiccup, yomwe imatchulidwabe ngati hiccup. Imeneyo ingoidziwani, musavutike nayo.

Phunzirani kagulu kamodzi patsiku. Yambani ndi ka -ought chifukwa ndiko kakakulu komanso kodalirika: mukaona t pambuyo pa ough, pafupifupi nthawi zonse ndi o wokoka uja, ndipo m'mawu ofala wosamvera ndi drought yekha. Ambiri mwa iwo ndi aneni a nthawi yakale, ndiye muwalembe pamodzi ndi makolo awo: think ndi thought, buy ndi bought, bring ndi brought, fight ndi fought, seek ndi sought. Bought ndi brought amasokoneza anthu ambiri, koma mankhwala ake ndi apafupi: bring ali ndi r, choncho brought nayenso ali ndi r. Buy alibe.

Pafupi pomwepo pali banja la -aught lomveka chimodzimodzi: caught, taught, daughter, naughty, slaughter. Mungadziwe bwanji ngati ndi o kapena a? Pa aneni, yang'anani kholo. Catch ndi teach ali ndi a m'kati mwawo, ndiye caught ndi taught amatenga a. Think, buy, bring, fight ndi seek alibe a, ndiye amatenga o. Laugh, laughter ndi draught ndi alendo m'banja limeneli chifukwa gh wawo amamveka ngati f. Taonani daughter ndi laughter: amasiyana chilembo choyamba chokha, koma pakamwa sakumana n'komwe.

Pali mawu asanu amene amafanana nkhope moti maso amaterereka: tough, though, thought, through, thorough. Alembeni ngati makwerero. Yambani ndi tough. Ikani h pambuyo pa t, mwapeza though. Ikani t kumapeto kwa though, mwapeza thought. Bwererani pa though, ikani r pambuyo pa th, mwapeza through. Ikani o pakati pa th ndi r, mwapeza thorough. Bwerezani makwererowa kuchokera m'mutu kwa masiku atatu otsatizana, mukutchula tanthauzo la aliyense: kulimba, ngakhale, ganizo, kudutsa m'kati, kuchita mosasiya mbali.

Kumbukiraninso kuti th wa Chingerezi si th wa mu thupi kapena thumba. Nsonga ya lilime imalowa pakati pa mano ndipo mpweya umatuluka mosaduka. Mu though kukhosi kumanjenjemera, mu thought, through ndi thorough sikunjenjemera. Gwirani pakhosi ndi zala potchula, mumva kusiyanako. Mukatchula thought ndi t wamba, womvera amva taught.

Chachisanu: zilembo zosalankhula, funani m'bale wake amene amalankhula

Mabanja a kn-, wr-, gn, -mb ndi -mn onse ali ndi chilembo chosamveka. Know, knee, knife, knock, knot, knit, kneel: k ameneyu ankatchulidwa mpaka cha m'zaka za m'ma 1600, ndipo m'Chijeremani Knie, bondo, k akumvekabe. Mu write, wrong, wrap, wreck, w ndi amene wagona. Banja la wr- lili ndi kachinsinsi kothandiza kukumbukira: ambiri mwa ana ake amanena za kupotoza kapena kupinda, monga wring, wrist, wrestle, wrinkle, wrench, wreath ndi writhe.

Njira yabwino yogwirira chilembo chogona ndi kupeza mawu achibale momwe chadzuka. Mu sign, g samveka, koma mu signal ndi signature akumveka bwinobwino. Resign ali ndi resignation, design ali ndi designate. Bomb ali ndi bombard, crumb ali ndi crumble. Condemn ali ndi condemnation, autumn ali ndi autumnal, solemn ali ndi solemnity. Muscle ali ndi muscular, receipt ali ndi reception, debt ali ndi debit, doubt ali ndi dubious. Pa tsamba la mabanja amenewa onjezerani mzere wachinayi wa m'bale wolankhulayo. Mukadzakaikira sipelo, mudzangomuitana m'mutu.

Za debt ndi doubt pali nkhani yake. Mawuwa analowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa alibe b, ndipo anthu ophunzira anachita kumuikamo pofuna kuonetsa kuti gwero lake ndi Chilatini, debitum ndi dubitare. B ameneyo Angerezi sanamutchulepo.

Pa -mb ndi pomwe olankhula Chichewa amapunthwa kwambiri, chifukwa mb ndi liwu lathu la tsiku ndi tsiku. Lamulo lake nali: b amagona akakhala kumapeto kwa mawu, monga lamb, climb, thumb, comb, ndipo amagonabe ngakhale mawuwo atalandira mchira, monga climbing, climber, plumber. Koma ngati mb ali m'kati mwa tsinde lenilenilo, b amatchulidwa: number, member, timber, remember. Ndipo comb, tomb ndi bomb, ngakhale akuoneka ngati ana a mimba imodzi, aliyense ali ndi o wake. Comb amamveka ngati home, tomb ngati room, bomb ngati from.

Chachisanu ndi chimodzi: -tion, -sion ndi -cian, yambirani pa mneni

Mchira uwu makutu athu anauzolowera kale m'mawu obwereka monga opaleshoni ndi siteshoni. Vuto lake ndi lakuti liwu limodzi lomwelo limalembedwa m'njira zingapo, ndipo khutu silingakuuzeni yoyenera. Chimene chingakuuzeni ndi mawu amene dzinalo lachokerako. Choncho pa tsamba la banja ili musalembe dzina lokha, lembani awiriawiri.

Aneni othera -ate amabala -ation: educate ndi education, operate ndi operation, celebrate ndi celebration. Othera -ct amangolandira -ion: act ndi action, collect ndi collection, elect ndi election, inject ndi injection. Othera -de kapena -d nthawi zambiri amabala -sion: decide ndi decision, divide ndi division, explode ndi explosion, conclude ndi conclusion, extend ndi extension. Othera -mit amabala -mission: permit ndi permission, admit ndi admission, submit ndi submission. Othera -ss amasunga ma s awo onse awiri: discuss ndi discussion, express ndi expression, possess ndi possession. Ndipo ngati mawuwo akunena munthu wa ntchito inayake, ndi -cian, pomwe c wake wachokera ku tsinde: music ndi musician, electric ndi electrician, magic ndi magician, politics ndi politician.

Alendo oti alembedwe kumanja ndi attend ndi intend, omwe amabala attention ndi intention ngakhale amathera d. Mukakhala pakati pa -tion ndi -sion popanda chokuthandizani, sankhani -tion, chifukwa ndi amene ali ndi ana ochuluka kutalitali.

Banja ili lili ndi mphatso ina yomwe mabanja ena alibe: limakuuzani pomwe mphamvu ya mawu imagwera. Pafupifupi nthawi zonse imagwera pa phatikizo limene mumatchula musanafike pa mchirawo: eduCAtion, inforMAtion, deCIsion, poliTIcian. Mchira weniweniwo ndi wofooka, umangotsetsereka, ndipo ulibe i kumapeto. Dulani mzere kunsi kwa phatikizo lamphamvulo pa mawu alionse. Mvetseraninso m'dikishonale momwe decision ndi television amasiyanira ndi extension: -sion akatsatira chilembo cha liwu amamveka molemerako, kukhosi kukunjenjemera. Ndipo s akatsogolera -tion, monga mu question ndi suggestion, mchirawo umamveka ngati tch.

Mabanja ena oti mudutsemo mwachangu

Mabanja atatu awa amatsata lamulo limodzi, ndiye aphunzireni sabata imodzi: -ck, -tch ndi -dge. Onse amabwera pambuyo pa chilembo chimodzi cha liwu lalifupi: back, neck, sick, lock, duck, catch, fetch, pitch, badge, edge, bridge, judge. Liwu likakhala lalitali, kapena pakakhala chilembo china chopanda liwu, amafupika: speak, milk, teach, lunch, page, large. Osamvera ofala ndi much, such, rich ndi which. Mawu aatali othera liwu la ik nthawi zambiri amangotenga c, monga music, public, traffic, koma k amabwerera akalandira -ing kapena -ed: trafficking, panicked.

Lamulo lomweli la liwu lalifupi ndi lalitali ndi limene limasiyanitsa hopping ndi hoping, dinner ndi diner. Zilembo ziwiri zofanana zimasonyeza kuti liwu lotsogola ndi lalifupi. N'chifukwa chake timalemba written ndi ma t awiri koma writing ndi t mmodzi. Writting ndi cholakwa chofala kwambiri, ndipo chimachokera posakaniza awiriwa.

Banja la ea lili ndi timagulu titatu. Kakakulu ndi ka eat, sea, teach, clean. Kachiwiri ndi ka head, dead, ready, heavy, weather. Kachitatu n'kakang'ono koti mungakaloweze lero lomwe: great, break, steak. Onaninso momwe abale amasamukira kuchoka ku kagulu koyamba kupita ku kachiwiri osasintha sipelo: heal ndi health, mean ndi meant, deal ndi dealt, breathe ndi breath, please ndi pleasant. Read ndi lead amakhala m'kagulu koyamba ndi kachiwiri komwe, chiganizo ndi chimene chimagamula.

Lamulo lotchuka lakuti i amatsogolera e pokhapokha patsogolo pali c musalidalire kwambiri. Limagwira ntchito pamene zilembozo zikumveka ngati i wokoka: believe, field, piece, chief, ndi receive, ceiling, deceive. Ngakhale pamenepo seize ndi protein salimvera. Kunja kwa liwu limenelo lamuloli ndi lachabe, onani science, ancient, their, weird, foreign ndi neighbour.

Pa -able ndi -ible, chotsani mchirawo muone chotsala. Ngati chatsala ndi mawu athunthu, nthawi zambiri ndi -able: comfortable, readable, acceptable. Ngati chatsala n'chiduswa, nthawi zambiri ndi -ible: possible, visible, terrible. Accessible ndi flexible mbali ino, capable ndi probable mbali inayo, amaswa lamuloli. Noticeable ndi manageable amasunga e kuti c ndi g akhalebe ofewa.

Chachisanu ndi chiwiri: kubwereza ndi kudziyesa

Mawu 8 mpaka 10 pa nthawi imodzi, mphindi 15, mabanja awiri pa sabata. Zimaoneka zochepa, ndipo mtima umafuna kudzaza kope lonse Loweruka limodzi, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pakona pa tsamba lililonse lembani tsiku limene mwaliyamba, ndipo mulibwereze mawa lake, pakatha masiku atatu, pakatha sabata, pakatha masabata awiri, ndi pakatha mwezi. Ikani kachizindikiro nthawi iliyonse imene mwabwereza. Mabanja omveka mofanana, monga -tion ndi -sion, musawayambe tsiku limodzi. Limodzi likhazikike kaye, linalo libwere pambuyo, kenako muwasakanize.

Kusakanizako ndiye mtima wa ntchito yonse. Vuto lalikulu la kuphunzira m'mabanja ndi lakuti limanamiza. Mukamadziyesa pa tsamba la -ight, mukudziwa kale kuti mawu onse athera ight, ndiye kwenikweni mukungolemba chilembo choyamba, n'kumadziona ngati katswiri. Polemba kalata palibe amene adzakuuzeni banja lake. Choncho kumapeto kwa sabata iliyonse chitani lembetso losakaniza: mawu 20 ochokera m'mabanja onse amene mwaphunzira, kuphatikizapo alendo a tsamba lakumanja, aliyense ali m'chiganizo. Wina akuwerengereni. Ngati palibe, dzijambuleni pa foni mukuwerenga ziganizozo mosathamanga, mudikire tsiku limodzi kuti maso aiwale, kenako mumvetsere ndi kulemba.

Pochonga, musangowerenga kuti mwakhoza angati. Dulani mzere wofiira kunsi kwa malo enieni amene mwalakwitsa, ndipo mufunse kuti cholakwacho n'chamtundu wanji, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi mankhwala ake. Ngati mwalemba site pomwe pamafunika sight, mwasochera banja, ndiye pangani ziganizo zina ziwiri za mapasawo. Ngati mwalemba fright pomwe pamafunika flight, vuto lili m'khutu, ndiye bwererani ku dikishonale mumvetsere awiriwo mosinthanasinthana kakhumi musanagwire cholembera. Ngati mwasiya chilembo chogona, funani m'bale wake wolankhula. Ngati zilembo zonse zilipo koma zasinthana malo, monga rigth, ndiye kuti simukulemba gawo la banjalo ngati mtolo umodzi.

Kusinthana kwa t ndi h kumeneku kumachitikanso mbali inayo, pamene munthu wazolowera -ight kwambiri n'kuyamba kulemba lenght ndi strenght. Mawu awiriwa si a m'banja la -ght. Ndi a banja la -th la miyeso, ndipo g wawo wachokera ku tsinde: long ndi length, strong ndi strength, monganso wide ndi width, deep ndi depth, broad ndi breadth. Atsegulireni masamba awoawo, ndipo kumanja, pa malo a alendo, mulembe height ndi weight, miyeso iwiri imene imathera t.